Usanalipire lendi, mwana wanga

Mwana wanga,

Ndaziona zithunzi zitatu wanditumizira pa WhatsApp zija. Nyumbayo ikuoneka bwino, sindikana: penti yoyera, matailosi pansi, chitseko chachitsulo. Atate ako aziyang'ana kwa kanthawi, kenaka afunsa funso limodzi lokha, akuti, "Nanga chimbudzi chili kuti?" Pazithunzipo palibe. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, chifukwa pafoni umandidula ndisanamalize, mayunitsi n'kuthera pa moni.

Munthu wakutumizira zithunziyo usamupatse ngakhale tambala. Wati akufuna ndalama ya miyezi itatu pa Airtel Money lero lomwe, ati pali enanso akuilimbirana. Mawu amenewo ndi akale kuposa iwe. Kulipiriratu miyezi itatu n'chizolowezi m'tauni, zimenezo sindikudabwa nazo. Chondidabwitsa n'kulipira munthu amene sunamuone nkhope, pa nyumba imene sunapondemo phazi. Madobadoba ena ndi achilungamo, amakuyendetsa m'nyumba zingapo n'kulandira kangachepe, koma iwo si eni nyumba. Ya lendi imapita m'manja mwa mwini wake, iwe uli m'nyumbamo, makiyi ukuwaona. Azakhali ako anena kuti ukhoza kukhala kwawo ku Kawale mwezi wathunthu. Gona pabalaza, uzitsuka mbale, usachite manyazi. Mwezi umenewo ndi woyendera ndi kufunsa.

Lilongwe si Zomba, kumene umachoka ku Matawale wapansi n'kukafika kumsika thukuta lisanatuluke bwino. Mzinda wa Lilongwe anaumanga motayana, ndipo chiusandutsireni likulu mu 1975 wangokhalira kutambasuka. Manambala a madera asakunamize. Munthu wachilendo amayesa Area 24 ndi Area 25 n'zoyandikana, pamene ina ili kummwera, inayo kumpoto kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, mzinda wonse uli pakati. Iwe ntchito yako ili ku City Centre. Ukatenga nyumba ku Chinsapo kapena ku Area 36 chifukwa lendi yatsika, uzidzakwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, kusinthira kudepoti. Tenga cholembera, uwerengere ndalama ya tsiku limodzi kuchulukitsa ndi masiku 22, uphatikize pa lendiyo. Mtengo weniweni wa nyumbayo ndi umenewo. Ndipo ulendowo ukauyese Lolemba m'mamawa, magalimoto atathithikana pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Lamlungu masana msewu uliwonse umaoneka waufupi.

Tsopano ndikuuze zimene sitinakuuzepo bwinobwino. Iwe usanabadwe, ine ndi atate ako tinakhalako ku Lilongwe zaka zitatu. Nyumba yathu yoyamba tinaipeza mu Seputembala, kunja kuli gwaa, fumbi lokhalokha. Inali yotchipa modabwitsa, makoma atangopakidwa laimu, fungo lake likumvekabe. Tikutsitsa katundu, mayi wina wa nyumba yoyandikana anaima pakhonde atanyamula lichero, n'kumangotiyang'ana. Ine ndinati ndi nsanje. Mvula itayamba mu Disembala, usiku wina ndinadzidzimuka ndi phokoso la mapoto akugundana. Nditatsitsa mwendo pabedi, madzi m'akakolo. Thumba la ufa linanyowa lonse, satifiketi za atate ako tinaziyanika pachingwe ngati matewera. Kutacha laimu uja anali atayamba kusupuka, ndipo pansi pake panaoneka mzere wakuda wozungulira chipinda chonse, wofika m'mawondo: chizindikiro cha madzi a chaka chinacho. Mayi uja anabwera kudzatithandiza kukapa madzi ndi beseni. Ananena mawu amodzi okha: "Mukanafunsa." Safunsa anadya phula, ife tinadya ndi matope omwe.

Usaganize kuti zimenezi zimangochitikira nyumba za zidina. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira, madzi anagwetsa nyumba ku Mtandire, koma analowanso m'mipanda ya ku Area 47 tsidya linalo. Iwe ukufuna nyumba mu Okutobala, nyengo imene nyumba iliyonse imabisa matenda ake. Ndiye uyang'ane ndi maso a Januwale. Kodi bwalo ndi lokwera kuposa msewu, kapena msewu ndiwo uli pamwamba? Ngalande yalowera kuti? Yang'ana kudenga: madontho abulauni pasiling'i ndiye kuti malata amadontha, ngakhale akuuze kuti anakonza. Gogoda mafelemu a zitseko ndi chala, akamalira ngati ng'oma ndiye kuti chiswe chinadya kale.

Ukaikonda nyumba, udzabwererenso wekha tsiku lina, dobadoba palibe. Ukagule tomato pa kabenchi kapafupi, upereke moni mwaulemu kwa amayi ali pampopi, ufunse kuti amene ankakhala muja anachokeranji. Yankho lake limakuuza zambiri kuposa zithunzi makumi awiri. Amayiwo ndi amene amadziwa ngati madzi amatuluka masana kapena amangobwera pakati pa usiku, ngati akuba amavuta, ngati alandilodi amagogoda pa 28 mwezi usanathe, ngati kuseri kwa mpanda kuli bala loimba mpaka tambala woyamba.

Za mamita usazitenge mopepuka, ndi zimene zimadanitsa anthu pamdadada. Mita ya ESCOM ikakhala imodzi mabanja anayi, mumasonkha mofanana pamene mnzako ali ndi firiji, ayironi ndi hotipuleti, iwe uli ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni. Mayunitsi akatha usiku, aliyense amaloza mnzake. Bola uwonjezere pang'ono upeze ya mita yakeyake. Upemphenso kuona bilu yomaliza ya Lilongwe Water Board, kuopa kulowa m'ngongole ya munthu amene anasamuka kalekale n'kudzakudulira madzi sabata yachiwiri.

Funso la atate ako lija ulifunse ndithu, ndipo ukalowemo. Ngati chili panja, mabanja angati amagwiritsa ntchito, amakolopa ndani, chitseko chili ndi loko mkati? Uyese mtunda wake kuchokera pakhomo pako, uganize kuti ndi usiku, magetsi azima, wadwala m'mimba, ndipo uli wekha. Ndiwe mtsikana, pamenepa sindikunyengerera. Nyumba imene eni ake amakhala pampanda womwewo ili ndi zovuta zake, amawerenga alendo ako ndi nthawi yobwerera, koma kwa chaka choyamba ine ndingagone tulo utakhala potero. Ndikudziwa wakwinya nkhope.

Mukagwirizana, zilembedwe papepala, onse awiri musayine: lendi ndi zingati, angakweze liti, notisi ndi ya miyezi ingati, mpopi ukawonongeka akonza ndani, ndalama ya chikole idzabwezedwa bwanji. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene analibe pepala ankangomva mtengo watsopano pakamwa, pageti. Upite ndi amuna awo a azakhali ako akakhale mboni. Eni nyumba akaona imvi amayankhula mosamala. Tsiku lolowa ujambule ming'alu yonse ndi galasi lililonse losweka. Ukalipira, lisiti, ngakhale la pepala lothothola m'kope.

Lendi isadye kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ako, apo ayi uzidzadya bonya pamatailosi. Chipinda chimodzi ndi pabalaza zakwana. Ukatenga ya zipinda zitatu, kumudzi akamva, pofika Khirisimasi udzakhala ukusunga asuweni awiri ofuna ntchito ndi wina wodikira tsiku lake ku Kamuzu Central Hospital, ndipo ine sindidzakuthandiza kuwakana chifukwa ndi abale anga.

Ndakusungira mapoto awiri, mbaula ndi mtondo waung'ono uja unkaukonda. Ufa ndigayitsa ukapeza poika. Ukalandira makiyi, uyese mawindo ndi chingwe unditumizire miyeso, nsalu ya makatani ndagula kale. Atate ako akuti uwajambulire chimbudzicho.

Ndine mayi ako.