Injini Ikazima, Tsatani Njira ya Mafuta

Anthu ambiri amayesa kuti ife a ku Chongwe tiribe kanthu ndi mabwato, popeza boma lathu liri pamtunda, makilomita ngati 45 kum'mawa kwa Lusaka. Koma mtsinje umene unapatsa dziko lino dzina lace umatsika mapiri nukathira m'Zambezi, pa malire a nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1983, ndipo kumeneko bwato la injini ndilo galimoto. Ndiponso kainjini ka dizilo koyendetsa bwato nkofanana ndi kamene kamapopa madzi m'madimba a m'mbali mwa Chongwe ndi Ngwerere, kapena kamene kamazunguza cigayo. M'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi ku Kariba ndi magetsi anali kuzima maola ambiri, makina otere ndiwo anasunga mabanja. Cifukwa cace nkoyenera kuti tidziwe matenda ace.

Injini imeneyi inatenga dzina kwa Rudolf Diesel, amene anaiyendetsa bwino koyamba ku Augsburg m'dziko la Germany m'caka ca 1897. Siyatsa mafuta ndi moto wa pulagi monga icitira ya petulo. Imapanikiza mpweya kufikira utatentha kwambiri, pamenepo nozo imawaza mafuta ngati nkhungu, ndipo mafutawo amayaka okha. Tsono injini yotere ikatsokomola, kufooka, nizima pang'onopang'ono, kawirikawiri ndiye kuti mafuta sali kufika bwino.

Nchito yanga ndi ya ukalaliki. Kalata ikasowa mu ofesi sitiyamba ndi kugogoda pa khomo la bwana wamkulu. Timayamba ndi buku la makalata olowa, ndi kuitsata thebulo ndi thebulo kufikira pamene yakodwa. Mafuta naonso ali ndi matebulo ao: thanki, mpopi wotsekera, sefa yoyamba, kapampu kokoka, sefa yaciwiri, pampu yaikulu, paipi yacitsulo, ndi nozo. Pampu yaikuluyo ndiye bwana wamkulu. Mtengo wace ndi woopsa, kukonza kwace kufuna zida zimene sizipezeka pamudzi, ndipo nthawi zambiri iribe mlandu konse.

Izi ndinaziona ndi maso tsiku lina la mphepo, tiri pa ulendo wa nchito pa Zambezi, pafupi ndi mathiriro a Chongwe. Titalowa pa mafunde injini inayamba kutsokomola, nizima, ndipo madzi anayamba kutikokera ku gulu la mvuu. Mnyamata wothandiza anatola sipanala msanga kuti amasule pampu, koma mkulu woyendetsa anati, "Leka, mwanawe, gwira nkhafi poyamba." Tinapalasa kufikira pa mcenga. Pamenepo mkuluyo anandipatsa botolo nati, "A kalaliki, gwirani apa," namasula kabauti ka pansi pa sefa yoyamba. Munaturuka madzi, pambuyo pace zinthu zakuda zonanda.

Ndinafunsa kuti, "Nanga madziwa alowa bwanji, bambo, thanki iri cotsekere?" Iwo anandifotokozera kuti thanki yosadzaza imacita thukuta m'kati usiku kukazizira, monga cibvundikiro ca mphika. Madziwo, pokhala olemera kuposa dizilo, amakhala pansi, ndipo pamene akomana ndi mafuta pamamera tizirombo tosaoneka timene timapanga zonandazo. Bwato liri pa dooko zonsezi zimagona pansi. Mafunde ndiwo amazibvundula ndi kuzitumiza ku sefa. Ndico cifukwa cace injini yolira bwino pagombe imazima pakati pa madzi, pamene munthu aifunitsa.

Ataika sefa yatsopano imene anali kusunga m'thumba, injini sinalire nthawi yomweyo, pakuti m'njira munalowa mpweya. Mafuta sapanikizika, koma mpweya umafinyika ngati mphira: pampu ikakankha, kathobvu kamacepa cabe, ndipo nozo sitseguka. Mkuluyo anamasula kabauti ka pamwamba pa sefa, napopa kapampu ndi dzanja kufikira thobvu litatha ndi mafuta okhaokha ali kuturuka, namanganso. Pambuyo pace anamasula pang'ono nati ya pa nozo, mnyamata nazunguza handulo kufikira mafuta atalabvula, namanga. Injini inalira. Anaticenjezanso kuti munthu asayese kuika cala pa nozo pamene iri kuwaza, pakuti mafutawo amaboola khungu, ndipo bala lace lingadulitse cala.

Pali zizindikiro zina zimene mwini injini ayenera kuzidziwa. Ikayenda kanthawi nizima, ndipo potsegula thanki mumva mpweya uli kulowa mofuula, ndiye kuti kabowo kopumira ka thanki katsekeka. Ikabvuta kulira m'mawa uliwonse koma nilira mukapopa ndi dzanja, funani pamene paipi yamasuka kapena yang'aluka pakati pa thanki ndi kapampu. Pamenepo mpweya ungalowe ngakhale mafuta sadontha. Mukakayika, tengani cigubu coyera ca mafuta abwino, ndi kulumikiza paipi yace ku kapampu. Injini ikayenda bwino, mlandu uli ku thanki kapena ku sefa yoyamba. Ikakana, pitirirani kutsogolo. Utsi naonso ndi mboni: wakuda unena kuti mafuta acuruka kuposa mpweya, kapena katundu walemera, woyera unena kuti mafuta sali kupsa, wobiriwira unena kuti iri kutentha oilo.

Cimene cimandidabwitsa ndi ici. Paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa m'caka ca 1968, iri ndi utali wa makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufikira ku Ndola, ndipo kuyambira 2023 imanyamula dizilo woyengeka kale. Mafuta amayenda mtunda wonsewo, koma kawirikawiri amadzadetsedwa pa mapazi otsiriza, m'manja mwathu: m'mgolo wosiyidwa pa mvula, m'cigubu cimene dzulo munali madzi, m'kasanza kamene tisefera. Mgolo uyenera kukhala cikhalire tsiku lathunthu usanatungidwe, ndipo wotunga asafike pansi peni peni. Thanki idzazidwe madzulo, ndi sefa ina ikhale pafupi nthawi zonse.

Mlimi amene athamangira kumasula pampu amainyamula kunka nayo ku Lusaka, nalipira ndarama zambiri, tomato wace ali kufota m'dimba, ndipo pobwera apeza injini iri kuzimabe, cifukwa madzi akali m'thanki. Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani pa thanki, abale anga, ndipo musalumphe thebulo ngakhale limodzi.