Ndinasiya kusamba ndili ndi zaka 36

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nsaru. Chaka chilichonse ndimajambula chiberekero pabolodi n'kufotokozera ana momwe msambo umayendera. Koma wanga utayamba kudumphadumpha mpaka kusiyiratu, ndili ndi zaka 36, sindinazindikire chomwe chinkachitika.

Poyamba ndinkayesa ndaima. Ndinayezetsa kawiri, ayi ndithu. Kenaka kunabwera kutentha thupi. Mwezi wa June, anzanga atavala majuzi, ine thukuta lili kamukamu, choko chikuterera m'manja. Tulo tinathawa, mtima unkapsa msanga, ndipo kuchipinda ndinkamva kuwawa. Apongozi anati alipo wandimanga, tipite kwa asing'anga. Mayi anga anati, "Mwanangu, izi n'za akazi, umangopirira."

Paja safunsa anadya phula. Ndinakwera minibasi kukaonana ndi dokotala wa amayi mumzinda wa Lilongwe. Atandiyeza magazi, anati timatumba tanga ta mazira tasiya ntchito nthawi isanakwane. Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55. Zikachitika munthu asanafike 40, vuto silikhala thukuta lokha. Homoni ya estrogen imateteza mafupa ndi mtima, ndiye kuisowa zaka zambiri kumafooketsa mafupa mwakachetechete. Anati ndiganizire zoyamba mankhwala obwezeretsa mahomoni.

Ndinachita mantha, chifukwa ndinali nditawerenga pafoni kuti mankhwalawa amayambitsa khansa ya m'mawere. Dokotala sanandibisire. Anati manthawa anafala mu 2002, kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative atapeza kuti khansayo komanso kuundana kwa magazi zinakwerako mwa amayi omwe ankamwa mahomoni awiri pamodzi. Koma ambiri mwa amayiwo anali a zaka zoposa 60. "Inu mayi," anatero, "tikungobwezera zomwe thupi lanu limayenera kupanga lokha mpaka cha m'ma 50."

Anandifunsa ngati ndinadwalapo khansa ya m'mawere, matenda a chiwindi kapena kuundana kwa magazi, ngati ndimasuta, komanso ngati mutu waching'alang'ala umandivuta. Anandiyezanso BP. Popeza chiberekero ndili nacho, anati estrogen payekha ndi woopsa, ayenera kuyendera limodzi ndi progestogen yemwe amachiteteza ku khansa.

Panatsala nkhani ya ndalama. Kugula mankhwalawa mwezi ndi mwezi kufamase ya m'tauni, kuphatikiza thiransipoti, pa malipiro a mphunzitsi, si masewera. Njira ina inali mapilitsi akulera a mahomoni awiri, omwe amapezeka ulere m'zipatala za boma. Dokotala anati pa msinkhu wangawu angagwire ntchitoyo. Koma pamenepa ndi pomwe panandipweteka: tili ndi ana awiri, ndipo bambo akunyumba ankafuna wachitatu. Mwayi unali utachepa kale, koma mapilitsiwa akanautsekeratu.

Tinakambirana masabata awiri. Usiku wina, atandipeza ndikusintha chitenje chonyowa ndi thukuta, anati, "Amake Chisomo, ana awiriwa akufuna mayi wamphamvu. Yambani mankhwalawo." Ndinayamba. Patha miyezi isanu, ndikugona bwino, ndipo BP ndimakayezetsa ku Kabudula.

Sindikuti mayi aliyense akatenge mapilitsi. Yemwe wasiya kusamba pa zaka 52, kapena amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sikelo yake ndi ina, ndipo woyeza ndi dokotala. Changa n'chakuti tisamangopirira osafunsa.

Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi amamukhazika pansi n'kumulangiza. Msambo ukamatha, palibe amene amatikhazika pansi. Teremu ino, nditajambula chiberekero pabolodi, ndinawonjezera mphindi khumi zofotokoza mathero ake, n'kuuza ana kuti akauze amayi awo.