Khoma la Pabalaza ndi Mphunzitsi wa Ana Athu

Mlendo akalowa m'nyumba, maso ake amayamba ayendera makoma asanalandire ndi madzi omwe. Mwini nyumba angakhale chete, khoma lanena kale za iye: kumene anachokera, chimene amalemekeza, ndi anthu amene safuna kuwaiwala. Koma mlendo amaona n'kupita. Amene amawerenga khomalo tsiku ndi tsiku ndi ana a m'nyumbamo.

Kukongoletsa khoma si mwambo wobwera ndi Azungu ayi. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zina mwa zojambulazo anazisiya ndi Akafula, zina makolo a Achewa, ndipo zambiri za Achewazo zinali zophunzitsira atsikana pa chinamwali. Makolo athu sanali kujambula kuti maso angokondwa, anali kulangiza.

Ine ndinakulira ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Pa khoma la pabalaza panali zinthu zinayi zokha: chithunzi cha ukwati wa makolo anga, chithunzi cha agogo aakazi atavala zovala za Mvano, nsalu yoyera imene mayi anapetapo ndime ya m'Masalmo, ndi kalendala. Agogowo anatisiya ndisanabadwe, komabe nkhope yawo ndimaidziwa monga ya munthu amene anandilera. Zilembo zanga zoyamba ndinazidziwira pa nsalu ija ndisanaponde pakhomo pa sukulu. Chaka china kalendala inali ndi chithunzi cha tchalitchi cha St Michael and All Angels. Bambo anatifotokozera kuti chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu a konkuno, motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo ntchito yolemba mapulani a nyumba. Chaka chitatha, bambo anadula chithunzicho nachiika m'felemu.

Masiku ano ndikamacheza m'nyumba za anansi ndimaona makoma odzaza ndi mapepala onyezimira ogula m'sitolo: mathithi a maiko osadziwika, zipatso zimene sitinalawepo, osewera mpira a ku Ulaya. Zoterezi si tchimo, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana amatchula maina a osewera onse a Manchester United, koma dzina la agogo ake obala bambo salidziwa. Zithunzi za banja zatsekeredwa m'foni, ndipo foniyo ikabedwa kapena kuwonongeka, nkhope za okondedwa athu zimapita nayo.

Tsono posankha chopachika, tiyambe ndi za kwathu. Tsukitsani zithunzi ziwiri kapena zitatu, ndipo kuseri kwake mulembe maina, mudzi ndi chaka, pakuti wodziwa zimenezi sadzakhalapo masiku onse. Ngati pali kangachepe, gulani chojambula kapena chosema cha amisiri athu, monga awo amene luso lawo linakulira ku KuNgoni, ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976. Chojambula cha mwana wanu wa Sitandade 3 nachonso chiyenera malo ake.

Kapachikidwe nako kali ndi nzeru yake. Ambiri timakweza zithunzi kufupi ndi denga, mpaka woona achite kupweteka khosi. Chithunzi chikhale molingana ndi maso a munthu woimirira. Chitalikirane ndi dzuwa la pazenera, chifukwa limachifwifwitsa, ndiponso ndi khoma lolowa chinyezi m'dzinja, chifukwa nkhungu imadya pepala. Zochepa zotalikirana bwino zimaoneka kuposa zambiri zothinana. Okhala m'nyumba za lendi ayambe apempha eni ake asanakhome msomali, kuti kukongoletsa kusabale mlandu.

Inu achinyamata amene mukuyamba banja, ndi inu makolo anzanga, taimani pabalaza panu madzulo ano muyang'ane khoma ndi maso a mwana wanu. Ngati nkhope ya agogo ake palibe, m'mera mpoyamba: ifuneni kwa abale akadali moyo amene angakuuzeni dzina lake.