Tidatitimira ku Bua, kamtengo ka machesi kadatipulumutsa

Abale, amene amati galimoto imayenda ndi mafuta okha sadafike ku Bua. Ine ndafikako, ndipo ndabwerako ndi matuza m'manja.

Bua ndi mtsinje uja umachokera ku Mchinji, n'kudutsa m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota, kenaka n'kukathira m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Nsomba za mpasa zimakwera mtsinje umenewu kukaswana. Mukamapita ku Dwangwa pa msewu wa M5 mumaoloka mlatho wake. Koma kuti mukafike kumadoko a asodzi, phula mumalisiya kumbuyo, n'kulowa tinjira tamchenga.

Ndidakwera nawo pikapu yomwe amayi atatu adachita hayala kukapikula nsomba zokagulitsa ku Kasungu. Popita zidayenda bwino. Udali m'mamawa, mchenga uli wonyowa ndi mame, galimoto ilibe katundu.

Pobwerera ndiye padali nkhani. Dzuwa lidali paliwombo, mchenga wauma ngati ufa, kumbuyo kwadzaza matumba a usipa ndi mabeseni a nsomba zaziwisi zothira ayisi. Tisadayende mtunda, galimoto idati tsoo! Dalaivala wathu, mnyamata wamatama, adaponda moto. Matayala akumbuyo adangozungulira pamodzimodzi, kukumba dzenje mpaka chitsulo chapansi kukhudza mchenga.

"Achimwene, ndalama zili m'mabesenimo n'zangongole ya banki m'khonde," adatero mmodzi wa amayiwo misozi ikulengeza. Ayisi adali atayamba kale kudontha.

Pamenepo padatulukira mdala wina yemwe ankasoka ukonde pansi pa mtengo. Akuti adayendetsapo malole paunyamata wake.

"Mwana wanga, zimitsa injini. Tayala lako lakhuta kwambiri. Liphwetse."

Dalaivala adaseka. "Madala, ndiphwetse matayala kutchire kuno?"

Mdalayo sadakwiye. Adangoloza amayi aja n'kufunsa kuti atavala nsapato za gogoda pamchengapa angayende? Nanga bwanji wopanda nsapato satitimira? Tayala lolimba, iye adati, limagunda pansi ndi malo ochepa, ndiye limaboola mchenga ngati gogoda. Ukachotsako mpweya limaphwasuka, malo opondera amatalika, kulemera kwa galimoto kumamwazikana.

Adatenga kamtengo ka machesi n'kukanikiza valavu. Fwiii! Geji ya dalaivala inkaonetsa 3, mdalayo adatsitsa mpaka 1.5 pa matayala onse anayi. Adakana kupitirira apo. Adati ukaphwetsa kwambiri, makamaka uli ndi katundu, tayala limavuka pa rimu, ndiye kugona komweko.

Tidatsitsa matumba ndi mabeseni. Tidakumba mchenga kutsogolo kwa matayala ndi manja, n'kuyalapo bango ndi nthambi. Malangizo kwa dalaivala adali achidule: chiwongolero chilunjike, moto pang'onopang'ono, osakhota mwadzidzidzi, osaponda buleki mwamphamvu, osaima mpaka pouma.

Sindidakhulupirire. Galimoto yomwe inkalira ngati ikuphedwa idatuluka mwakachetechete ngati nkhuku yochoka pa mazira. Amayi adaimba nthungululu. Katundu tidamusenza pamutu kukafika pomwe idaima.

Ndinkati zatha, koma mdalayo adatitsatira. "Musakwere phula choncho," adatero. Tayala lophwa likathamanga pamsewu wouma limapindikapindika m'mbali, limatentha, mapeto ake limaphulika. Ndipo ulendo wa ku Kasungu ngwodutsa m'mapiri a m'nkhalango ija, yomwe m'zaka za 2016 ndi 2017 adabweretsamo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Si malo osinthirapo tayala amenewo.

Vuto n'lakuti dalaivala wathu adalibe pampu. Tidabwereka yamanja kwa wokonza njinga m'mudzimo, n'kumapopa mosinthana matayala anayi. Matuza anga adachokera pamenepo.

Tidanyamuka dzuwa litapendeka. Nsomba za beseni limodzi zidali zitayamba kufewa, ndipo mwini wake adazigulitsa motchipa pamsewu pomwepo. Zinazo zidapulumuka. Mdala uja adakana ndalama, adangolandira mbale ya usipa.

Inu madalaivala amene mumathamangira mahayala akunyanja, geji, pampu ndi fosholo zisamasowe m'galimoto. Ndipo ngati n'kotheka tulukani kudoko m'mamawa mchenga usadaume. Dalaivala wathu atafika pa boma la Nkhotakota adayamba wafunsa mtengo wa pampu.