Kwa mphwanga wa ku Blantyre

Mphwanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza kuti kuchipatala akupeza ndi BP, ndipo iwe ukungoti ndi kutopa ndi ntchito. Si kutopa ayi. Makina akamawonetsa 140/90 kapena kupitirira pamasiku osiyanasiyana, amenewo ndi matenda othamanga magazi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Mankhwala akupatsawo uzimwa tsiku ndi tsiku, usawasiye ukayamba kupeza bwino. Koma pali zina zimene mapiritsi sazifikira, ndipo n'zimene zandigwiritsa cholembera.

Ndakulera ndine, ndikukudziwa. Chikakupweteka umangoti zii, n'kumeza. Pano wasenza lendi, fizi ya azing'ono ako, ndi katapila amene ndamva kuti unatenga nthawi ya maliro a bambo ako. Iwe umayesa zimenezi zimathera m'mutu, koma thupi limamva zonse. Silisiyanitsa kukumana ndi fisi panjira ndi kulira kwa foni ya mwini ngongole. Tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, mitsempha ina imapanikizika, shuga amachuluka m'magazi kuti miyendo ipeze mphamvu zothawira, ndipo m'mimba kugaya chakudya kumachedwa. Fisi akapita, zonse zimabwerera m'chimake. Ngongole ndiye siipita dzuwa likalowa. Thupi lako lakhala likuthawa miyezi yonseyi uli pampando wa mu ofesi. Mutu uja, khosi louma, kutentha pamtima, kudzidzimuka pakati pa usiku, nthawi zambiri gwero lake limakhala limeneli.

Mwayi wake, njira yomweyi imayendanso chobwerera: thupi likadekha, maganizo amatsatira. Pali mtsempha wotchedwa vagus, wochokera ku ubongo kudzera m'khosi kufika kumtima ndi m'mimba. Ukamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsemphawu umachepetsa liwiro la mtima. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Iwe yesa kutsitsa afike 6. Kokera mpweya m'mphuno uku ukuwerenga mpaka 4, mimba itukuke, kenaka tulutsa ukuwerenga mpaka 6. Mphindi zisanu zakwana, ngakhale uli mu minibasi ya ku Limbe. Ndimadandaulanso kuti unasiya kwaya. Woyimba amatulutsa mpweya wautali chomwecho, ndiponso amakhala pakati pa anzake.

Za kudya sindichulutsa. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika m'buledi, soseji, tchipisi ndi timibulu tokometsera ndiwo. Chotsa mchere patebulo. Bwerera ku mgaiwa, nyemba, bonongwe, nkhwani wotendera, usipa ndi nthochi, zimene wakulira nazo. Mandasi ndi zakumwa zotsekemera zimakweza shuga msanga n'kumugwetsanso, ndiye masana umapezeka wofooka ndi wokwiyakwiya. Mowa usakunamize kuti umachotsa maganizo. Umakugonetsa msanga koma tulo take n'tosakhutitsa, ndipo umakweza BP.

Uziyenda. A WHO amati mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu, kuyenda kwa ndawala kofika potulutsa kathukuta. Tsika minibasi patali pang'ono ndi kuntchito. Loweruka phiri la Soche kapena la Michiru lili pomwepo. Minofu ikamagwira ntchito imadya shuga uja amene nkhawa imatulutsa, ndipo usiku tulo timabwera.

Chachikulu ndi ichi, mphwanga. Tinakuphunzitsani kuti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa atitayitsa anyamata ambiri m'dziko muno. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi anaphunzitsidwa kukhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu othedwa nzeru, n'kuwathandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Atafufuza, anapeza kuti amene anakhala pabenchipo anapepukidwa kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Kuganiza kwambiri ndi matenda, ndipo kuli ndi thandizo. Ukaona kuti chilakolako cha kudya chatha, palibe chokusangalatsa kwa milungu iwiri, kapena maganizo ofuna kudzipweteka akubwera, uza adokotala tsiku lomwelo, usachite manyazi. Chimodzimodzi chifuwa chikathina, pakamwa pakapotoka kapena dzanja likachita dzanzi mwadzidzidzi, thamangira kuchipatala cha Queen Elizabeth, usadikire kuti kuche.

Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi ndidzakuyimbira. Udzandiuze ngongole yonse mmene ilili, osabisa kalikonse. Mbatata ya kachewere yachita bwino chaka chino, ndipo ine ndi amayi ako tagwirizana kuti fizi ya teremu ikubwerayi tilipira ife.

Ndine malume ako.