Kumene Maluwa a pa Nsalu Acokera

Mkazi akalowa m'sitolo kukagula duku kapena citenje, ayamba waifunyulula nsaluyo, naiyang'ana pa kuwala kwa dzuwa, nafunsa ngati isuluka poicapa. Za munthu amene analemba maluwa ace safunsa ai, ndipo ngakhale akadafunsa wogulitsayo sakadamuyankha. Anthu ambiri ayesa kuti makina ndiwo abala maluwawo monga cigayo citulutsa ufa. Koma makina angodinda cimene dzanja la munthu linayamba lalemba pa pepala, ndipo munthuyo anacipeza pena pace. Mnyamata amene watsiriza sukulu, makamaka uja aphunzitsi ankamkalipira cifukwa cojambula m'mbali mwa buku la masamu, ayenera kudziwa kumene amisiri a nchito imeneyi atenga nzeru zao.

Ena azitenga pakhomo pao pomwe. Ku England kunali mmisiri dzina lace William Morris, amene anali ndi dimba ku nyumba yace ya ku Kelmscott. Timbalame tinkalowa m'dimbamo kudzaba tizipatso tofiira ta sitiroberi, monga acitira pumbwa m'minda ya ku Chipata. Mlimi wina aliyense akadachera msampha. Morris anatiyang'anitsitsa, ndipo m'caka ca 1883 anatulutsa nsalu yokhala ndi timbalame takubato pakati pa masamba. Nsaluyo aidindabe kufikira lero.

Ku gombe la kum'mawa kwa Africa nako mbalame inapatsa nsalu dzina. Mbiri yace imati m'zaka za m'ma 1800 akazi a ku Zanzibar ndi ku Mombasa ankagula timipango tating'ono tochedwa leso, nasoka tisanu ndi kamodzi pamodzi kuti ikhale nsalu imodzi yobvala. Amalonda ataona kuti akaziwo aikonda, anaitanitsa nsalu yodindidwa kale yathunthu, ndipo popeza inali ya mawanga anthu anaicha kanga, ndiyo nkhanga m'Ciswahili. Pambuyo pace anayamba kulembapo mau ndi miyambi m'mphepete, kotero kuti mkazi atha kuyankha mkazi mnzace wa mitala osatsegula pakamwa.

Komabe kunena zoona, maluwa ambiri amisiri awatenga pa nsalu za anthu ena. Ku Kashmir, kumpoto kwa India, oomba nsalu ankapanga mipango ya ubweya wa mbuzi yokhala ndi duwa lopindika kunsonga, limene Amwenye ena alifanizira ndi mango. Mipangoyo inali ya mtengo wapatali ku Ulaya, motero oomba a m'tauni ya Paisley ku Scotland anayamba kuomba yao yofanana nayo, yochipa. Lero duwalo dziko lonse lilicha paisley, ndipo pa anthu olibvala ndi owerengeka okha amene akumbukira Kashmir.

Nkhani ya citenje ndi yotalikirapo. Pa cisumbu ca Java akazi ankalemba nsalu ndi phula lotentha, alikulidontheza kucokera m'kaciwiya ka mkuwa ka mlomo woonda, ndipo poinyika mu utoto malo onse okhala ndi phula ankatsala osalowa mtundu. Nsalu imodzi inkatha masabata ambiri. Adachi, amene ankalamulira Java masiku amenewo, anafuna kupanga nsalu yotere ndi makina ku Haarlem ndi ku Helmond kuti akaigulitse konko. Koma phula la pa makina linkang'ambika, utoto nulowa m'ming'alu, nusiya timizere tonga mitsempha, ndipo anthu a ku Java sanaiyamikire. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amalonda anaitengera ku Gold Coast, dziko limene tsopano ndi Ghana, ndipo kumeneko timizere tomwe tija anthu anatikonda, natiyesa cizindikiro ca nsalu yabwino. Cotero nsalu imene anthu aiyesa ya Africa yeniyeni inabadwira ku Asia, nileredwa ku Holland.

Kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba m'caka ca 1846, inali ndi mmisiri dzina lace Toon van de Manakker. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 iyeyu anaona malaya akale a mkazi wolemekezeka wa ku Ethiopia, opetedwa kuzungulira khosi ndi kutsikira pa cifuwa, natengako maonekedwe ace. Nsalu imene inatuluka ndi ija asoka nayo malaya a dashiki, amene anthu akuda a ku America anawabvala kwambiri kumapeto kwa zaka zomwezo posonyeza kunyadira Africa. Dzina la Mdachiyo lilembedwa m'mabuku. La munthu amene anakhala pansi ndi singano kupeta malaya oyambawo silimveka konse, ndipo pa ndalama zonse zimene duwalo labweretsa, mbumba yace sinaonepo ngakhale ngwee imodzi. Kubwereka sikoipa, pakuti palibe mmisiri amene anayamba wopanda coonera. Coipa ndi kubwereka mphika ndi kuiwala khomo limene unautenga.

Koma mmisiri wa ku Helmond sangathe kutsiriza nchito yekha. Iye apatsa nsalu nambala, akazi a pamsika ndiwo aipatsa dzina. Nsalu ya dashiki ija ku Ghana anaicha Angelina potsata nyimbo ina imene inachuka nthawi imeneyo. Ina, yokhala ndi timbalame touluka, anaicha ndi mau akuti ndalama iri ndi mapiko. Ku Lomé, m'dziko la Togo, kunali akazi amalonda ochedwa Nana Benz, cifukwa analemera ndi nsalu kufikira kugula magalimoto a Mercedes-Benz. Akazi amenewa ankauza eni mafakitale mitundu imene idzayenda malonda ndi imene idzakhalira pa shelefu, ndipo Azunguwo ankamvera, pakuti duwa limene akazi alikana lifa caka comweco ngakhale analilemba ndani.

Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, boma linafuna kuti zitenje zidzidindidwa m'dziko momwemo. Anamanga fakitale ku Kafue, ndipo pambuyo pace ina ya Mulungushi ku Kabwe ndi cithandizo ca dziko la China. Zitenje za nkhope ya Kenneth Kaunda, za zipani ndi za mipingo zinafala, ndipo pamenepo mwini duwa anali wandale kapena abusa, mmisiri nangotsata zimene amuuza. Mafakitalewo atabvutika ndi nsalu zochipa zakunja ndi salaula m'zaka za m'ma 1990, zitenje zambiri za ku Kamwala ndi ku Soweto mu Lusaka zinayamba kucokera ku China ndi ku maiko oyandikana, zambiri mwa izo zotengera maluwa a Holland, amene anatengera Java.

M'midzi ya ku Katete ndi ku Petauke agogo alukabe malicero ndi mphasa za mizere yopingasana, ndipo oumba mbiya alembabe m'khosi mwace ndi kamtengo dongo lisanaume. Angoni ali ndi kalukidwe kao ka mikanda, ndi nkhalamba zina zikali ndi mphini pa nkhope. Alendo afika ndi makamera, nawapempha agogowo kuti atembenuze licero kuti lioneke bwino, pamene mdzukulu amene anakhoza mayeso ali m'nyumba kulemba kalata yacisanu yopempha nchito ya ukalaliki.