Nkhombe ya Agogo

Tchuthi chitayandikira ndinalandira kalata yochokera kwathu ku Nkhotakota. Dzanja linali la mlongo wanga koma mawu anali a agogo: "Amuna anga, mukatsekera sukulu mupite ku Likoma mukanditolere nkhombe." Ndinaseka ndekha m'chipinda. Nkhombe, chigoba chopalira m'mphika, mwana aliyense angathe kutola ku Nkhotakota komweko popita kosamba. Nanga ndalama zanga za mabuku zithere pa chimenechi? Komabe sindikanatha kukana, poti agogowo maso awo anali atayamba kale kuchita mdima.

Agogo anabadwira ku Likoma. Anachokako ali mtsikana atakwatiwa ndi mphunzitsi wa mishoni, ndipo sanabwererekonso. Chifukwa chake sitinkafunsa. Tinkangodziwa kuti ukatchula chilumbacho iwo ankayamba kukamba za nkhuku zawo.

Ndinakwera Ilala ku Nkhata Bay, sitima ija yakhala ikuyenda panyanja pathu kuyambira 1951. Unali mwezi wa July, nyengo ya mwera, ndipo pofika pa Chizumulu n'kuti nditasanza zonse za m'mimba. Likoma anaonekera kutsogolo, wouma, wamiyala, mapiri a ku Mozambique ataima pafupi kumbuyo kwake. Nditatsika ndinadzera ku Chipyela kukaona tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903. Agogo anabatizidwa mmenemo. Sindinakhalitse, chifukwa ulendo wanga unali wa kugombe.

Dzina la gombelo agogo sananene. Anangotchula mudzi, nati ndikayang'ane kuseri kwa milambe iwiri. Amene anafikako ku Likoma aseka, pakuti kumeneko kulikonse kumene ungayang'ane kuli mlambe. Mwana wina wopita kowedza ndiye anandimvera chisoni nanditsogolera m'kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa.

Gombelo linali laling'ono zedi, mapazi anga makumi atatu kuchokera pathanthwe lina kufika pa linzake. Mchenga sunkaoneka. Ponseponse panali zigoba, zoyera, zofiirira, zathunthu ndi zophwanyika, zimene mafunde a mwera anaunjika m'mizere. Ndikaponda zinkalira phwa, phwa pansi pa nsapato, ndipo funde likamabwerera zinkachita phokoso ngati mayi akupeta chimanga.

Pamenepo sukulu inandikwera m'mutu. Ndinatola chigoba chachikulu cha nkhono imene m'kalasi timaitcha Lanistes nyassanus, yopezeka m'nyanja yathu ino. Ndinachitembenuza kuti nditsimikize zimene tinaphunzira, kuti khomo lake limaloza kumanzere, mosiyana ndi nkhono zambiri. Ndinakumbukanso kuti mwini wake akafa, tinsomba tina timasandutsa chigobacho nyumba. Tinkhono ting'onoting'ono ndinkatiyang'ana mokayika poganiza za Bulinus, wofalitsa likodzo. Posakhalitsa matumba onse a buluku anadzaza.

"Mukutola chiyani, mwana wanga?"

Anali mayi wokalamba amene ankatsuka mapoto pathanthwe. Ndinawapatsa moni n'kuwaonetsa chuma changa, ndikunena kuti andituma nkhombe. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Izo ndi nkhono. Mungapale nazo mphika wanji? Kodi ndinu a kwa yani?"

"Ndine wa ku yunivesite, ku Zomba."

"Yunivesiteyo ndi mayi anu kapena bambo anu?"

Manyazi anandigwira. Ndinatchula dzina la bambo anga, iwo anapukusa mutu. Kenaka ndinatchula la agogo, lija la pa utsikana limene sitimva kawirikawiri. Mayiwo anaika poto pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka kumapazi, nati, "Ali moyo? Ife tinkayesa anatisiya kalekale."

Anandikhazika pathanthwepo. Agogo, iwo anati, anali mnzawo wa mkulu wawo, ndipo atsikana onse a m'mudzimo ankatsukira mbale pagombe lomweli. Mayi awo a agogo atadwala anatumiza uthenga ku Nkhotakota, koma unafika mochedwa, maliro ataikidwa kale. Abale ena analankhula mawu owawa, akuti mwana wakwatiwa ndi wophunzira ndiye waiwala kwawo. Mawuwo anawoloka nyanja msanga kuposa uthenga wa matenda uja. Chiyambire pamenepo agogo sanapondenso pachilumbapo.

Madzulo ananditengera kumanda. Manda a mayi awo a agogo anali olambulidwa bwino, ndipo nditafunsa wolambula, mayiwo anangoti, "Pamudzi pali anthu." Potsanzikana anamasula pansonga ya chitenje chawo natulutsa nkhombe yakuda kunja, yonyezimira mkati, mlomo wake utaperepeseka ndi ntchito. "Mukawapatse iyi. Mukanene kuti onena zija onse anagona."

Ku Nkhotakota ndinapeza agogo ali pamphasa kuseri kwa nyumba. Ndinagwada n'kuika nkhombeyo m'manja mwawo. Anayendetsa chala m'mphepete mwake kawiri.

"Amuna anga, iyi simunatole. Wakupatsani ndani?"

Ndinafotokoza zonse, ndi uthenga womwe. Sanalire. Anayamba kutchula maina, limodzi limodzi, ine n'kumayankha pamene ndikudziwa, wamoyo kapena womwalira. Ambiri sindinawadziwe, ndipo apo ndi pamene ndinazindikira kuti theka la tsiku lija ndinalitaya ndikuwerama pa nkhono. Potsiriza anafunsa za manda. Nditanena kuti ndi olambulidwa, anakhala chete, kenaka anaitana mlongo wanga kuti atseke nkhuku.

Nkhombe ija sinalowepo mumphika. Mlongo wanga akuti imakhala pansi pa pilo, pamodzi ndi buku la mapemphero limene agogo sathanso kuwerenga. Nkhono zanga zili pawindo la chipinda changa kuno ku koleji, ndipo anzanga akafunsa ndimawauza dzina lake la Chilatini. Maina amene agogo anatchula aja ndinawalemba kumapeto kwa kope langa la Biology. Alipo 14, ndipo 9 sindinawapezere yankho. Ndayamba kale kusunga ndalama ya tikiti ya Ilala.